Dzenje la Kumanzere

Telala wina ankayeza nsalu kawiri, osati chifukwa chosamala ntchito, koma poti ngakhale tepi yake yomwe sankaikhulupirira. Munthu akamupatsa moni wansangala, iye ankayamba wadzifunsa kuti ameneyu akufuna chiyani. Nyengo yonse ya mvula njinga yake inali chikolekere pa msomali kuseri kwa shopu, koma miyendo sinagone. Ankapalasa makina osokera ngati akukwera chitunda, mtima uli pa chinthu chimodzi: wezulo.

Gulu lawo la okwera njinga linali la anthu khumi ndi awiri, ndipo linali ndi lamulo lake. Loweruka loyamba mvula ikatha, woyamba kufika pa mlatho ndiye ankavala wezulo m'khosi chaka chonse, n'kumatsogolera anzake ndi kuwasankhira njira. Chaka chathacho wezulo inapita kwa mlamu wake, mphunzitsi, mchimwene wa mkazi wake. Telala sanaiwale mmene zinayendera. Pa mtsetse womaliza mphunzitsi anali patsogolo, ndipo anatsitsa dzanja n'kumaligwedeza, chizindikiro chakuti pamsewu pali choopsa. Telala anagwira mabuleki. Sanaone dzenje, sanaone galu, anangoona msana wa mlamu wake ukufika pa mlatho. Sanafunse munthu. Nkhaniyo anaibzala mumtima n'kumaithirira miyezi yonse.

Lachinayi, kutatsala masiku awiri, mphunzitsi anatulukira mu shopu, choko chili mbuu m'manja.

"Alamu, dzulo ndinakaona msewu. Pa mtsetse paja, pokhota, mvula yadya kumanzere. Pali dzenje, ndipo mchenga wakuta pamwamba moti simungalione. Mudzadutse kumanja."

"Enawo mwawauza?" telala anafunsa, maso ali pa singano.

"Ndidzawauza ponyamuka. Inu ndati mumviretu."

Mphunzitsi atatuluka, telala anaseka chamumtima. Kumanzere ndiko kunali mkati mwa kona, njira yachidule. Ndani amasiya ntchito yake kudzachenjeza munthu amene akulimbirana naye wezulo? Mkazi wake, amene ankasokerera mabatani pakona, anamva zonse.

"Bambo, achimwene sangakunamizeni pa nkhani ya moyo."

"Mayi, munabadwa mimba imodzi. Munganene zina?"

Mkaziyo anangodula ulusi ndi mano.

Loweruka m'mawa anakumana pa malo omwetsera mafuta. Ena mimba zinali zitakula, malaya a chaka chatha akukana kutsekeka, ndipo ankasekana uku akupopa matayala. Mphunzitsi ananena za dzenje lija pamaso pa onse, onse n'kuvomera. Telala anawayang'ana mmodzimmodzi. Avomera msanga bwanji? Wometa tsitsi wa m'gululo, amene ankakonda kupalasa kumbuyo kwenikweni, anamwetulira, ndipo telala anati basi, agwirizana.

Wezulo inalira, ananyamuka. Kunena zoona, tsiku limenelo telala anali ndi miyendo. Pa chitunda anawapitirira onse ngati aima, mpaka anatsala awiri okha, iye ndi mlamu wake, tayala kutsata tayala. Mtsetse unayamba, mphepo ikulira m'makutu, mlatho ukuoneka kumunsi. Atayandikira kona, mphunzitsi anatsitsa dzanja, n'kuloza kumanzere.

"Kumanja, alamu!"

Telala anati mumtima, msampha umodzi sundikola kawiri. Anawerama, n'kulowa kumanzere.

Mchenga unali wosalala bwino, wooneka ngati msewu. Tayala lakutsogolo linamira, njinga inaima pomwepo, koma mwini wake sanaime. Anagwera pakati pa phula, mwendo wamanja utapanikizika m'chitsulo cha njinga, ndipo anaumva ukuthyoka. Pamwamba pa mtsetse pankatsika lole. Mphunzitsi, mlatho uli pafupi poti n'kuponyapo mwala, anataya njinga yake, nathamangira pakati pa msewu akuimba wezulo, manja ali m'mwamba, mpaka loleyo inaima. Tsiku limenelo palibe anafika pa mlatho, choncho wezulo inatsala m'khosi momwe inali.

Patatha sabata mphunzitsi anabwera kudzamuzonda. Telala anali pa mpando pafupi ndi zenera, mwendo uli m'chikhakha, makina ataphimbidwa ndi nsalu. Manyazi anamugwira, koma funso limene analisunga chaka chathunthu linatuluka lokha.

"Chaka chatha munagwedeza dzanja, alamu. Panalibe kanthu."

"Panali mabotolo osweka. Wometa anaphulitsa matayala onse awiri, tinachita kumudikira. Inu simunaone poti munabwerera kwanu osalankhula ndi munthu."

Telala anafunsanso kuti, "Nanga Lachinayi lija munabwereranji kwa ine ndekha?"

"Ndinkamva mmene makinawa ankalirira ndikamadutsa popita kusukulu. Ndinadziwa kuti pa kona paja mudzafika ndi liwiro loposa tonsefe. Ine ndikakhotera kumanja ndimachedwa, inu ayi. Wezulo chaka chino inali yanu, alamu."

Mkazi wa telala anaika tiyi patebulo, ndipo sananene kuti ndinakuuzani. Zikanakhala bwino akananena, chifukwa kukhala chete kwakeko kunamupweteka telala kuposa mwendo.

Chilimwe chonse, Loweruka lililonse m'mawa, gulu lija linkadutsa pa msewu wa kunyumba kwake. Likafika pa zenera, mphunzitsi ankaimba wezulo kawiri pomupatsa moni, ndipo telala ankakweza dzanja. Anachedwa kudziwa, koma anadziwa ndithu, kuti wakutsina khutu ndi mnansi.