Njiri ndi Mono wa Mateyala

Njiri anali loya m'tauni ya nyama ya pa Nkhuyu, ndipo ntchito yake inali kulemba mapatenti. Patenti ndi chikalata chimene nyama imalandira ikapanga chinthu chatsopano, choletsa ena kuchikopera popanda chilolezo cha mwini wake. Vuto la maloya linali lakuti chikalata chimodzi chinkadya mwezi wathunthu, pamene nyama zopanga zinthu zinkangochulukira. Choncho bungwe lawo linaitana Nanzikambe kuti adzawaphunzitse kugwiritsa ntchito makina anzeru, amene ukawauza mawu ochepa amakulembera zambiri.

Njiri anali waphuma. Mpando wa mu ofesi yake unali udakali watsopano, chifukwa sankaukhalira nthawi yoti n'kutha. Nanzikambe naye anali ndi mayendedwe ake, moti pochoka pakhomo la kalasi kukafika pa bolodi, tiyi wa ophunzira anali atazizira kale.

Tsiku loyamba Nanzikambe analemba mawu pang'ono okhudza khasu, ndipo makina anakhuthula masamba odzaza ndi chilankhulo cha maloya. Nungu, amene kwa zaka zambiri ankalembera minga yake mpaka msana unachita dazi, anapukuta misozi mwakachetechete. Njiri anaimirira.

"Aphunzitsi, ndamva. Chatsala n'chiyani?"

"Zatsala zambiri, a Njiri," anayankha Nanzikambe. "Mawa tiphunzira kuwafotokozera makinawa chinthu bwinobwino. Mkuja tiphunzira kuwerenga zimene alemba."

"Kuwerenga ndinaphunzira kupulaimale," anatero Njiri, n'kutuluka mchira uli m'mwamba.

Sabata yomweyo ku ofesi yake kunabwera Mayi Katumbu, wamasiye wa kumtsinje amene ankalera ana ake ndi ntchito yoluka miono yogwirira nsomba. Anali atasenza mono ukudontha madzi. Unali ndi kachitseko ka bango kamene kankadzitseka kokha madzi akakankha, moti nsomba ikalowa inalibenso potulukira. Anavutika nako dzinja ndi chilimwe mpaka zala zinachita zikang'a, ndipo asodzi anali atayamba kale kufunsa mtengo.

Mayi Katumbu anaika monowo pakona n'kuyamba kufotokoza mmene amapindira bango. Njiri ankagwedeza mutu, koma maso ake anali pa makina. Anafunsa funso limodzi lokha, lakuti kodi monowo umayenda bwino, ndipo mayiyo anavomera kuti umayenda bwino kwambiri, sunamukhumudwitsepo. Njiri analemba kuti, "Mono watsopano, woyenda bwino kwambiri," n'kudina.

Masamba anatuluka, akuda bii ndi mawu. Njiri anawanyamula pachikhatho, anamva kulemera kwake, ndipo anakhutira. Mayi Katumbu sankamva chilankhulo cha maloya, choncho anangodinda chala pamene anamulozera. Asanapukute n'komwe chalacho, Njiri anali atafika kale ku ofesi ya mapatenti, fumbi lili koboo m'mbuyo mwake.

Kumeneko kunali Kadzidzi, amene ntchito yake inali kuona ngati chinthu chilidi chatsopano. Anawerenga, anatembenuza mutu mpaka kumsana, anawerenganso. Anafufuza m'mabuku onse ndipo sanapezemo chinthu chofanana nacho. Anamenya chidindo n'kunena kuti pa moyo wake wonse sanaonepo mono wotero.

Mvula itayamba, Ng'ona anagula mono umodzi kwa Mayi Katumbu, anaumasula, n'kuitana abale ake kuti aluke yofanana. Posakhalitsa miono ya Ng'ona inali pa dooko lililonse, ndipo ogula ankaopa kumunenerera mtengo. Kwa Mayi Katumbu kunasiya kubwera ogula. Ana ake anayamba kugonera nkhanu, kenaka nazo nkhanu zinayamba kusowa.

Njiri anasumira Ng'ona n'kuuza Mayi Katumbu kuti asade nkhawa, chifukwa mlandu wotere ndi wongodutsa. Anapita kukhoti atavala mkanjo wake, ali ndi chikalata kukhwapa, ndipo anapempha woweruza, a Njati, kuti achiwerenge mokweza nyama zonse zimve. A Njati anavala magalasi n'kuyamba. Chikalatacho chinati Mayi Katumbu ndiye mwini wa mono wokhala ndi mateyala anayi, chiwongolero, ndi belu lochenjeza oyenda pansi.

Njiri anamva mchira wake ukutsika wokha pang'onopang'ono.

"A Ng'ona," anafunsa a Njati, "miono yanu ili ndi mateyala?"

"Ayi, bwana. Sindinaganizeko."

"Nanga belu?"

"Lingathawitse nsomba, bwana."

A Njati anagamula kuti Ng'ona sanalakwire lamulo. Kenaka anavula magalasi n'kuchenjeza mwamphamvu kuti aliyense woika mateyala pa mono popanda chilolezo cha Mayi Katumbu adzaona polekera. Ng'ona analonjeza kuti sadzayerekeza.

Panja, Mayi Katumbu sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Bwana, kachitseko kanga kaja munakalemba pati?" Njiri anatsegula tsamba ili, anatsegula lina, ndipo aka kanali koyamba kuti maso ake ayende m'mizere ya chikalatacho. Kachitseko munalibemo. Analonjeza kulemba patenti ina tsiku lomwelo, koma Kadzidzi anakana, ponena kuti chinthu chimene chikugulitsidwa pa dooko lililonse sichingatchedwenso chatsopano.

Mayi Katumbu anapempha mono wake. Anaupeza mu ofesi ya Njiri, pakona pomwe anausiya, utauma, akangaude atamangamo nyumba. Anausenza, anatenga ana ake, n'kusamukira kumtunda kwa mtsinje kumene kunali abale a malemu mwamuna wake.

Njiri anathamangira kwa Nanzikambe akupuma ngati mvukuto. Ananena kuti makinawo ndi abodza, amuchotsa ulemu pamaso pa khoti, ndipo bungwe liwabweze kumene linawatenga. Nanzikambe anamupenya ndi diso limodzi, linalo likufufuza pa makina zimene zinalembedwa tsiku lija. Anatsika mzere ndi mzere, Njiri akupondaponda, mpaka anafika kumapeto n'kuloza.

Pamenepo makina anali atalemba kuti: "Simunandiuze mmene monowu umayendera, choncho mateyala ndangoganizira. Musanatumize, funsani mwini wake."

Njiri anawerenga kawiri. "Koma alemba pansi penipeni," anatero.

"Mawu amathera pansi, a Njiri," anayankha Nanzikambe.

Mbiri ya mono wa mateyala inawanda m'tauni monse, ndipo nyama zopanga zinthu zinayamba kulambalala ofesi ya Njiri. Zinkapita kwa Nungu, amene anamaliza maphunziro onse. Iye ankagwira chinthu ndi manja, kufunsa mwini wake mpaka kutopa naye, kenaka n'kuuza makina, ndipo zolembedwazo ankamuwerengera mwiniyo m'chilankhulo choti amve. Minga ya pamsana pake inameranso.

Njiri anayenda ulendo wa kumtunda kukapepesa. Mayi Katumbu anamulandira, anamupatsa madzi akumwa, n'kumuuza kuti akupanga chinthu china chatsopano, koma anachiphimba ndi mphasa mpaka mlendoyo atatsanzikana. Njiri anabwerera akuyenda, osati kuthamanga, ndipo nyama zimene anakumana nazo panjira zinamufunsa ngati akudwala.

Kuyambira pamenepo anayamba kuwerenga chilichonse mpaka pansi. Poti maso ake ndi aang'ono ndipo khosi ndi lalifupi, ankagwada kuti aone bwino mizere yomaliza, mpaka maondo anachita zikang'a. N'chifukwa chake ukamupeza Njiri atagwada, mphuno ili pansi, usamusokoneze. Akuwerenga.

Phunziro: Makina amadzaza okha pamene iwe wasiya mpata, koma dzina losainidwa pansi ndi lako, ndipo wolira ndi amene anakukhulupirira. Mvetsera mwini chinthu usanalembe, ndipo werenga mpaka kumapeto usanatumize.