Dzenje la a Chikhosi

Mphenzi indiwombe pompano ngati mupezamo bodza m'nkhani iyi. Ine sukulu ndidalekezera panjira, phunziro la kunama tisadafikepo.

Kalekale, kuseri kwa phiri lina, kudali aphunzitsi dzina lawo a Chikhosi. Malamulo awo adali awiri: chimene sichili m'buku n'chopusa, ndipo pasukulu Chichewa ayi, Chingerezi chokhachokha. Wolakwa ankakumba dzenje kuseri kwa kalasi. Ana atatu ndiwo ankakumba kwambiri. Sautso ankagwidwa akupinda mawaya kunsi kwa desiki. Zakeyu ankagwidwa akutsanzira mbalame, mwinanso chifuwa cha aphunzitsi omwe. Tiyankhulenji, mtsikana, chidamulakwira n'kamwa basi. Adakumba atatuwa mpaka ukaponyamo mwala, umayamba wapita kukamwa madzi usadamve phi.

Chaka chimenecho kumishoni adatumiza mawu akuti kusukulu yogonera komweko kwatsala malo amodzi, aphunzitsi asankhe mwana. Otsala, kumunda wa fodya.

Tsiku lina m'mawa a Chikhosi akuyenda maso ali m'buku, phazi lidaponda mphepo, n'kugwera m'dzenje lija. Pansi adapeza mwini nyumba: mphiri yonenepa ngati ntchafu, itadzipinda pafupi ndi nsapato yawo. Makoma oterera, kumwamba kukuoneka ngati kabatani ka malaya. Adakuwa, koma m'Chingerezi, poopa kuswa lamulo lawo lomwe. Amayi opita kuchigayo ankangoti, "Aphunzitsiwa khama, lero akuphunzitsa chiswe."

Dzuwa lili paliwombo ana adasuzumira, ndipo adapeza aphunzitsi Chingerezi chitawathera.

"Ana anga," adatero monong'ona, "wonditulutsa muno ndiye apite kumishoni."

Zakeyu adagona chafufumimba m'mphepete mwa dzenje n'kulira ngati mphamba. Kenaka ngati mphamba ziwiri zikulimbirana njoka imodzi. Mphiri idamva nkhani yake ikukambidwa kumwamba, idalowa kuuna wa mbewa ndi mchira womwe. Koma Zakeyu akangopuma, mutu tulukiru. Motero adalirabe, kukhosi kukuuma.

Sautso adagulula gudumu la njinga ya aphunzitsiwo, n'kuchotsa tayala. Adalikoloweka pamtanda wa bulugama, adapota luzi, adamangirira mpando ndi mawaya ake aja n'kuutsitsa.

"Chimenechi chili patsamba lanji?" adafunsa a Chikhosi.

"Chilibe tsamba, aphunzitsi."

"Ndiye sindikwera."

Nawo anyamata akuluakulu a m'kalasi adapinda manja. "Asiyeni momwemo, nafe matuza apoleko. Chingwecho akoke ndi Azungu awo."

Apa Tiyankhulenji adaweramira m'dzenje. "Aphunzitsi, ndiyankhule m'chiyani?"

"Chilichonse, mwana iwe."

"Dzenje mulimoli lili patsamba lanji?"

Mtsikanayo sadadikire yankho.

"Mwalowa opanda tsamba, tulukani opanda tsamba. Mphiriyo siwerenga, ndipo Zakeyu mawu akumuthera."

A Chikhosi adakhala pampando. Mtsikana uja adatembenukira anyamata.

"Achimwene, mukuti mupuma? Akafera mmenemu, wokwirira ndani? Dothi lonse lija tibwezeramo ndife. Tikamaliza abwera aphunzitsi atsopano, ndipo mukudziwa mlendo amayamba ndi dzenje lakelake. Kukoka chingwe kamodzi, ndi kugwira khasu mpaka ndevu, chopepuka n'chiti?"

Anyamata adayang'ana zikhatho zawo, adalavulirapo malovu, n'kugwira luzi. Gudumu lidalira kwee, kwee. Mawu a Zakeyu adathera pomwepo, mphiri idatuluka n'kujompha pamene padali chidendene, koma mwini chidendene adali m'malere.

Atafika pamtunda a Chikhosi adasasa fumbi, n'kupeza kuti alowa dzenje lina lopanda chingwe. Ana atatu ali chilili patsogolo pawo, malo ndi amodzi.

"Popanda ine mukadakweza mtembo," adatero Zakeyu, mawu ali osasa.

"Popanda ine ukadalira mpaka mvula," adatero Sautso.

"Mpando udalipo, chingwe chidalipo," adatero Tiyankhulenji. "Adakwera ndani ndisadayankhule? Adakoka ndani?"

A Chikhosi adatsegula buku, kuyambira chikuto mpaka chikuto. Tsamba lake mudalibe. Akuti mpaka lero akadali chiimire pomwepo, chala chili pamalovu.

Za amayi a kuchigayo zija ndangowonjezera, nthawi imeneyo zigayo kudalibe. Zinazo ndi momwemo.

Tsono inu amene mudafika nayo patali sukulu, aomboleni aphunzitsiwa. Awiri akupita kufodya. Anyamule chikwama ndani: wothamangitsa njoka ndi kukhosi, wopanga chimene sichili m'buku, kapena woyendetsa manja a anthu ndi lilime?