Miyala Imene Nagama Anasenza

Kalekale, paphiri lina lotsetsereka moti dzungu ukaliika pansi umakalitola kudambo, panali mayi wina dzina lake Nagama. Anali pachitengwa kwa mwamuna wake Dzimbiri, ndipo mwana anali naye mmodzi yekha, mtsikana wotchedwa Mwandida. Kumtunda kwa nyumba yawo kunali ngalande yopatutsa madzi a mvula, ndipo chaka chilichonse woifukula anali Nagama.

Tsiku lina Dzimbiri anati, "Ndikutenga mkazi wachiwiri. Tiwonjezera chipinda kumunsiku, ndipo miyala ya maziko mututa ndinu." Nagama anatuta, khosi likuwawa, mtima kuposa khosilo.

Mmisiri, a Mkwapatira, atakumba pang'ono anaima. "Bambo, ili ndi dothi lochita kuthira, lomwe munataya posalaza malo a nyumba yoyamba. Potsetsereka maziko timakumba ngati makwerero, mpaka khasu likane." Dzimbiri anawaseka pagulu. "Ndakuitanani kudzamanga kapena kudzakumba manda?" A Mkwapatira anapsa mtima, namanga pomwepo. Chamumtima anati samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu, ndipo sanachenjezenso munthu aliyense.

Mkazi watsopano analowa m'chipindacho mvula itangoyamba. Nagama nsanje inamudya. Tsiku lopita kumaliro kwawo, anatseka ngalande ija ndi zibuma, madzi onse kuwalozetsa kuchipinda cha mkazi mnzake. Zakupha sanaziganize. Ankangofuna kuti mphasa zimunyowere, adziwe kuti nyumba ili ndi mwini wake.

Nagama ali kumaliro, khoma la chipinda chatsopanocho linachita mng'alu wolowa chala. Dzimbiri anauona, anamatapo dothi, n'kupakapo laimu. Koma munthuyu sanali wopusa pa zimene ankazikonda: mkazi watsopanoyo anamusamutsira m'nyumba yakale, ndipo anauza Mwandida, amene ankadwala malungo, kuti, "Kagone m'chipinda chatsopanocho, ukutisokosa ndi kubuula."

Masana amenewo mvula inakhuthuka. Dothi lothira lija linamwa madzi, linaterereka, chipinda chonse n'kutsatira.

Nagama pofika anapeza anthu akufukula. Anagwada nayamba kuchotsa miyala ndi manja. Mwala uliwonse ankaudziwa, poti anausenza yekha pamutu. Pansi pa miyalayo anapeza mwana wake atazizira kale.

Pamaliro a Mkwapatira anati, "Ine ndinanena." Dzimbiri anati, "Ine sindinaitane madzi." Koma anthu anali ataona kale zibuma m'ngalande, ndi mapazi a Nagama pamatope.

Mwambo wa kumeneko unali woti amene wadzetsa imfa saponya dothi m'manda. Adzukulu anaima ndi makasu awo, akudikira kuti auzidwe.

Tsono inu mwamva nkhaniyi, weruzani. Mmisiri anadziwa koma anamanga, bambo anaona mng'alu koma analowetsamo mwana, mayi anatseka ngalande. Mwa atatuwa, ndani amene mumuletse kuponya dothi pamanda a Mwandida?