Mphuno ya Rafilina

Rafilina Cacciapuoti adabadwa ndi zinthu ziwiri zazikulu: mawu ndi mphuno. Mawu adatengera mayi ake, omwe ankagulitsa nsomba pamsika wa Pignasecca n'kumamveka mpaka kudoko. Mphunoyo sitidziwa adaitenga kuti. Mwini wake ankati tsiku lomwe adaumbidwa Mulungu adatsala ndi dongo lambiri, ndipo adachita nalo chisoni kulitaya.

Pofika chaka cha 1958 adali atajambula zimbale zoposa makumi asanu. Lamulungu lililonse, msuzi wa nyama ukuwira pamoto, mawu ake ankatulukira pawindo lililonse m'tinjira tathu ta mu Napoli. Akaidi ankaimba nyimbo zake, apolisi omwe adawamanga ankaimbanso zomwezo. M'makanema adaonekamo kambirimbiri, koma gawo lake silinkasintha: wochapa zovala, mpongozi wolongolola, mwina mayi wogulitsa mandimu. Mnyamata ndi mtsikana okongola akayamba kupsompsonana, Rafilina ankakhala pakhonde lam'mwamba, kuyanika zovala uku akuwaimbira.

"Atsikana onse a m'kanema ndawakwatitsa ndine," ankatero, "ine n'kutsala ndi kabudula wonyowa wa mwini m'manja."

Ankakhala ndi mkulu wake Cenzina, telala wosakwatiwa, pansanjika yachitatu. M'mawa wina akumwa khofi m'khitchini adamva kuitana pansi. Adali a Saverio, mkulu woimba piyano amene ankamupekera nyimbo kuyambira ali mtsikana. Cenzina adatsitsa dengu pachingwe monga timachitira pogula buledi, ndipo litakwera mudali pepala la nyimbo yatsopano, ya chikondwerero chathu cha nyimbo cha Piedigrotta, cha mu Seputembala.

Rafilina sadaliyang'ane n'komwe.

"Bwezerani m'dengumo, achemwali. Chaka chino sindiimba."

"Wadwala?"

"Ndikupita ku Roma. Bwana Pellecchia, eni makanema aja, ndawauza kuti akapanda kundipatsa gawo la dona, m'makanema awo sindidzapondamonso. Avomera. Ulendo uno wopsompsonedwa ndine."

Cenzina adaika kapu pansi. "Watsokayo ndani? Nanga adzalowera mbali iti?"

"Sekani. Ndipo m'kanemamo simukhala nyimbo ngakhale imodzi. Mudandiyang'anitsitsapo ndikuimba? Kukamwa ngati ng'anjo ya buledi, mitsempha ya m'khosi ngati zingwe zomangira sitima. Dona sayasama choncho."

"Iwe, anthu sagula chimbale kuti aone khosi lako."

Dengu lidatsika ndi pepala lake. A Saverio adakweza maso, chipewa chili m'manja.

"Mayi Rafilina, nyimboyi ndaisoka pamuyeso wanu. Wina aliyense imukulira."

"Apinde m'munsi, bambo," adayankha, n'kutseka windo.

Ku Roma adakhalako miyezi itatu, ndipo kukongola kudamuonetsa zakuda. Makaroni adawasiya, chakudya chake chidali dzira lowiritsa ndi masamba ngati mbuzi ya munthu wosauka. Nsidze adamuzula. M'mawa uliwonse Cenzina, yemwe adamutsatira uku akung'ung'udza, ankamuveka chovala cham'kati cha zingwe chofinya m'chiuno, n'kumakoka zingwezo bondo atalitsamiritsa pamsana pake, mpaka mpweya unkalowa pang'onopang'ono ngati mlendo wamanyazi. Wojambula adaphimba diso la kamera ndi kansalu kopyapyala kuti nkhope ifewe. Kenako adaika tiwiri, kenako titatu. Rafilina adayamba kuoneka ngati munthu wochokera m'nkhungu, koma m'nkhungumo choyamba kutulukira chidali mphuno.

Masiku amenewo mawu a m'kanema ankaikidwamo pambuyo, zithunzi zitatha kujambulidwa. Bwana Pellecchia adamuitanira pambali.

"Mayi, musakhumudwe. Dona wa m'nyumba yachifumu sangayankhule ngati akutsatsa nsomba. Tapeza mzimayi wa kumpoto woti akuyankhulireni."

Apa ndi pamene munthu wanzeru akadanyamula sutikesi. Rafilina adadziyang'ana pagalasi, adaona chiuno chomwe sadakhalepo nacho chibadwire, n'kuvomera.

Kanemayo atatha, adaumirira kuti ayambe kuonetsedwa kwathu, m'holo ya m'dera lomwe adakulira, Lamulungu masana. Ankafuna kuti amayi onse omwe adamuseka ali mwana amuone atavala silika. Iye adakakhala pamipando ya pakhonde lam'mwamba, kumbuyo kwa holoyo, ndi Cenzina, nkhope ataiphimba ndi kansalu, chofinya chija chili m'chiuno.

Tsono ife a mu Napoli sitionera kanema mwakachetechete ngati tili pa Misa. Timalangiza mnyamata, timatukwana chigawenga, timachenjeza mtsikana kuti kuseri kwa chitseko kuli munthu, uku tikutafuna nthanga zokazinga. Holo idadzaza mpaka ena kukhala pansi. Dzina la Rafilina litaoneka, m'manja mudaombedwa ngati mvula pamalata.

Dona adatsika masitepe, adatsegula pakamwa pang'ono, ndipo mudatuluka timawu tosalala, toonda ngati ulusi.

"Kodi wameza ndani ameneyu?" adafunsa mkulu wina kutsogolo.

"Mphuno ndi yake ndithu," adayankha mzimayi wina, "koma mawuwo wabwereka."

Anthu adapirira. Dona akayandikira windo, onse ankakhala tsonga kuti mwina ayamba. Iye ankangopumira m'mwamba n'kutseka katani. Akaona piyano ankailambalala ngati ili ndi matenda.

"Aimba liti, abale? Ine ndasiya mphika pamoto."

Kenako idafika nthawi yomwe Rafilina adaivutikira miyezi itatu. Mnyamata wa m'kanemayo, Ettore, wa tsitsi lonyezimira ndi mafuta, adamugwira m'mapewa. Adapendeketsa mutu kumanzere, adaima. Adaupendeketsa kumanja.

"Zungulira kumbuyo, mwanawe, uko kuli chipata!" adakuwa gogo wina wogulitsa mazira.

Holo idagwa nako kuseka. Cenzina adaluma mpango, mapewa akugwedezeka. Rafilina kuseka sikudamupweteke kwenikweni. Mphuno imeneyo idasekedwa kuyambira tsiku la ubatizo. Chidamulasa ndi phokoso lomwe lidatsatira. Mipando ya m'holomo inkadzipinda yokha munthu akanyamuka. Phwa. Phwa. Phwa, phwa. Zaka makumi awiri akuimba, m'maukwati, m'ndende, ngakhale pansi m'mapanga nthawi ya mabomba, padalibe munthu adanyamukapo iye asanamalize. Lero anthu a mumsewu wake omwe ankatuluka mmodzimmodzi, osakwiya n'komwe, akukambirana za chakudya chamadzulo.

"Achemwali, muli ndi sizasi?"

"Udaonapo telala woyenda wopanda sizasi?"

"Dulani."

"Diresi la silika limeneli?"

"Dulani zonse, msanga."

Sizasi idadutsa pamsana, zingwe zidaduka ngati nsinga za gitala, ndipo chiuno cha ku Roma chidabwerera kwawo. Rafilina adakoka mpweya woyamba wathunthu pa miyezi itatu. Adataya kansalu ka kumaso, adagwira chitsulo cha m'mphepete ndi manja awiri, adayasama ng'anjo yake yonse, n'kuyamba nyimbo yake yakale ya mayi wochapa zovala za mwamuna yemwe adapita ku Amerika osalemba kalata.

Omwe adafika pakhomo adaima. Omwe adali kale mumsewu adabwerera. Woonetsa kanema, munthu wanzeru zake, adatsitsa mawu a makina. Holo yonse idatembenuka n'kuyang'ana m'mwamba, ndipo pansalu yoyera paja dona wokongola adapitiriza kulira yekha, anthu mazana asanu atamufulatira. Mitsempha ya m'khosi idatuluka monga mwa masiku onse, thukuta lidasungunula utoto wa kumaso, diresi lili pululu kumsana Cenzina ataligwirizira ndi dzanja. Palibe adaziona zimenezo. Ndime yachiwiri adaimba onse, gogo wa mazira uja akupukuta misozi ndi epuloni.

M'mawa mwake sadadikire dengu. Adatsika yekha masitepe onse, n'kukagogoda kwa a Saverio atanyamula mbale ya makaroni ophika ndi manja ake.

"Bambo Saverio, diresi mudasoka pamuyeso wanga lija mudapatsa wina?"

Mkuluyo adamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ndidayesa atsikana awiri. Onse adamiramo. Koma ndamva kuti masiku ano ndinu dona."

"Dona adamwalira dzulo, bambo. Maliro ake ndidaimba ndekha."

A Saverio adatukula chivundikiro cha mpando wa piyano n'kutulutsa pepala lija. Chikondwerero cha Piedigrotta chidali chitadutsa kale, ndipo mwayi umenewo sudabwerenso. Koma nyimboyo adaijambula mwezi womwewo, ndipo mwa zimbale zake zonse ndi chokhacho chomwe mpaka lero madalaivala amachiimbira mluzu. Bwana Pellecchia adatsekera kanema wa dona m'kabati, n'kumubwezera Rafilina pakhonde lake lam'mwamba, pomwe adayanikanso zovala m'makanema ena khumi ndi awiri.

Atakalamba, atolankhani achinyamata ankakonda kumufunsa za kanema ameneyo poganiza kuti achita manyazi. Iye ankawathirira khofi n'kufotokoza yekha, osasiyako ngakhale za chipata.

"Ndidakhalapo wokongola miyezi itatu, ana inu. Ndi ntchito ya njala. Ndipo Ettore uja, Mulungu amukhululukire, mpaka lero sadafike. Adapsompsona mphepo pafupi ndi khutu."

Ena amalira ndi chimene adamanidwa mpaka kutaya chimene adapatsidwa. Rafilina adachita mwayi kuti mkulu wake ankayenda ndi sizasi. Akuluakulu sadapite m'mbali pamene adati: ukaipa, dziwa nyimbo.