Kaphokoso Kamene Kanasowetsa Sandalamu Tulo

Panali mlimi wina ku Mitundu, dzina lake Sandalamu. Atakolola, anatonola matumba asanu ndi atatu a chimanga n'kusungira miyezi ya njala, chotsalacho n'kuika m'nkhokwe. Poopa akuba, anawasanja kuchipinda, pafupi ndi bedi.

Patapita miyezi iwiri, tulo tinayamba kumuthawa. Akangotseka maso ankamva kaphokoso, tse-tse-tse, ngati wina akukazinga chimanga patali. Khoswe kodi? Ayi, khoswe alibe ulemu wotero. Mvula? Mvula yanji mu Ogasiti? Ankadabwa ndithu, koma kudabwako kunkathera m'bulangete momwemo. Zodzuka n'kukayang'ana, iyayi.

Tsiku la msika analowa m'sitolo ya mankhwala.

"Mayi, ndipatseni mapiritsi a tulo, aja osafuna kalata ya dokotala."

"Alipo, bambo," anatero mayi wogulitsayo. "Koma chikukusowetsani tulo n'chiyani?"

"Ndabwera kudzagula tulo ine, osati kudzayankha mafunso."

Mayiyo anamupatsa, n'kumuuza kuti amwe masiku ochepa chabe, zikapitirira apite kuchipatala. Pamene amamaliza mawuwo, Sandalamu anali kale panjinga.

Tisanamizane, mapiritsi aja anagwira ntchito. Munthu ankagona mpaka dzuwa kumupeza, mkonono wokhawokha. Mapiritsiwo atatha, anakagula ena kusitolo ina. Kaphokoso kaja sanakamvenso, ndipo ankauza anzake kuti wachira.

Mu Disembala chimanga cha m'nkhokwe chinatha. Mkazi wake anati amasule thumba limodzi apite kuchigayo. Sandalamu anapisamo dzanja. Linalowa mpaka m'chigongono, n'kutuluka loyera ndi fumbi, tizilombo tikuyenda pazala. Anankafumbwe! Thumba lachiwiri chimodzimodzi, mpaka lomaliza. Anakhala pansi n'kugwira mutu, manyazi ndi mantha atamugwira.

Mkazi wake anayang'ana fumbi lija, n'kuyang'ana mwamuna wake.

"Bambo a Tiyese, ndiye mankhwala munkathira m'kamwa mwanu, odwala ali m'matumba? Nanga anawa adya chiyani?"

Inu amene mukundimva, sindikunyoza mapiritsi ayi, ali ndi nthawi yake. Koma chinthu chikamakudzutsani, kaya ndi phokoso, kaya ndi mawu oipa amene munamulankhula m'bale wanu, yambani mwadzuka n'kufunsa kuti n'chiyani. Anankafumbwe samwa nawo mapiritsi anuwo. Inu mukagona, iwo amadyabe.