Pulopela ya Mlamu

Panali munthu wina, mmisiri wowotcherera zitsulo, amene anali ndi kandege kouluka ndi injini. Musaganize za ndege zonyamula anthu ayi. Aka kanali kotalika ngati mkono wa munthu wamkulu, kowongolera uli pansi ndi limoti, ndipo injini yake inkakwana m'dzanja n'kuifumbata. Injiniyo anamusiyira ndi bambo ake, amene anabwera nayo kuchokera ku Joni kalekale. Yofanana nayo kunalibe m'boma lonselo, ndipo zitsulo zake sizinkapezeka m'sitolo iliyonse. Mmisiriyo ankaisunga m'chitini cha mkaka, ataikulunga m'mpango wa malemuwo.

Injini zoterezi zili ndi khalidwe lake. Zimamwa sipiriti wosakaniza ndi mafuta a nsatsi, ndipo pambali pamakhala kasingano kotsegulira ndi kutsekera mafutawo. Ukamakatseka, injini imalira mokweza, mpaka mtima kukoma. Koma mafuta omwewo ndi amene amafewetsa ndi kuziziritsa zitsulo zam'kati. N'chifukwa chake wodziwa akafika pamene injini yalira kwambiri, amabweza kasingano pang'ono, kuti kandege kazisiya utsi woyera m'mbuyo. Kutsogolo kumakhala pulopela, kathabwa kopindika kamene kamazungulira n'kumakoka mphepo. Injini iliyonse ili ndi msinkhu wake wa pulopela, monga mmene mlimi aliyense alili ndi khasu lolingana ndi mkono wake.

Loweruka lililonse masana mmisiriyo ankaulutsa kandege kake pabwalo la mpira la sukulu. Akabaza ankaimika njinga, amayi ochokera kuchigayo ankatula mitolo, onse maso kumwamba. Iye ankayenda ngati mwini mitambo.

Ndiye kunabwera mlamu wake, mwamuna wa mchemwali wake, wokonza mawotchi pamsika. Anali munthu wosachuluka mawu. Anapempha kuti aphunzire, ndipo mmisiriyo anamuphunzitsa ndi mtima wonse, poti kuphunzitsa munthu amene ali pansi pako kumakoma. Patapita chaka, mlamuyo anapeza injini yakale yokulirapo kwa munthu wina amene ankasamuka, napanga kandege kake ka mapiko aakulu. Pulopela anasema yekha ndi mtengo wa mlombwa, yaitali, yosalala, naipala ndi galasi losweka mpaka mbali ziwiri zinalemera mofanana.

Kandege ka mlamu kanauluka, ndipo kanauluka bwino kuposa ka mphunzitsi wake. Sikankachita phokoso lambiri. Kankangokwera pang'onopang'ono, kakukoka chingwe cha utsi, mpaka kuoneka ngati kabawi, n'kukhala kumwambako nthawi yaitali. Ka mmisiri kankalira ngati nkhumba yogwidwa mwendo, n'kuzungulira bwalo kawiri katatu, basi kabwerera. Pulopela yake inali yapulasitiki, yobenthuka nsonga imodzi, koma iye sankayang'ana zimenezo. Maso ake anali pa anthu.

Anayamba kuwawerenga. Loweruka lina kumbali ya mlamu kunaima anthu makumi atatu, kwa iye asanu ndi mmodzi, ndipo mmodzi mwa iwo ankagulitsa nzimbe. Nsanje inamulowa, ndipo siinachoke. Chimene chinkamuwawa kwambiri si chakuti kandege kena kankauluka bwino, koma chakuti wokaulutsayo anali munthu amene iye anamugwira dzanja pa limoti. Kunyumba mkazi wake ananena mosaganizira kuti, "Koma ya alamu ija ndiye ndege." Tsiku limenelo mmisiriyo sanadye.

Mlamuyo anaona kuti zinthu sizili bwino. Tsiku lina anamuyandikira pabwalo nati, "Alamu, kasingano mwakatseka kwambiri. Mutabweza pang'ono. Ndiponso pulopelayi ikuivuta injini."

"Amene anakuphunzitsani kugwira limoti ndani?" anatero mmisiriyo.

"Ndinu, alamu."

"Ndiye konzani mawotchi."

Mlamuyo anabwerera ku kandege kake. Patapita masiku anafika kumalo kumene mmisiriyo ankawotcherera, napempha kuona injini ija. Anaiyeza ndi kachingwe, anayezanso pulopela yobenthuka ija, analemba timanambala pachikhatho, natsazika. Mmisiriyo anamuyang'ana mpaka anakhota, mumtima akuti, wabwera kudzayeza kuchepa kwanga kuti akaseke ndi anzake pamsika. Munthu wansanje ngakhale umupatse moni, amafufuza chimene wabisamo.

Kuyambira pamenepo maso ake anakhazikika pa pulopela yaitali ya mlombwa ija. Anatsimikiza kuti chinsinsi chonse chagona pamenepo. Kufunsa kunali kosavuta, poti mlamuyo ankakhala nyumba yachitatu kuchokera kwa iye. Koma kufunsa kukanatanthauza kuvomera kuti wokonza mawotchi akudziwa kanthu, ndipo iye anaona kuti bola kudya phula.

Sukulu itatsala pang'ono kutsekera, mphunzitsi wamkulu anawaitana onse awiri kuti adzaulutse tindege tawo pamaso pa makolo. Pomaliza kuitanako anatembenukira kwa mmisiriyo nawonjezera kuti, "Makamaka ija ya alamu anu, anthu akuifunsa kwambiri." Mawu amenewo mmisiriyo anagona nawo sabata yathunthu.

Tsiku linafika, bwalo linadzaza. Asanayambe, mlamu anaitanidwa kuti akaone chimkuzamawu chimene chinkangolira chokha, ndipo anasiya bokosi lake la zipangizo pansi pa mtengo. Mmisiriyo anayang'ana uku ndi uku, nagwada, natsegula. Pamwamba penipeni panali kanthu kokulunga m'nsalu. Anakakhudza, namva kuti ndi pulopela, koma yaifupi. Anakakankhira pambali osamasula n'komwe, poti sanabwerere zazing'ono. Pansi pake anapeza chimene ankafuna, pulopela yaitali ya mlombwa, inzake ya imene inali pa kandege ka mlamu. Anaitenga, nachotsa yake yobenthuka, namangirira yaitaliyo pa injini ya bambo ake.

Atailiza, injiniyo inalira mozama, molemedwa, ngati munthu wosenza thumba losamuyenera. Mmisiri wazaka zambiri ngati iyeyo anamva, ndipo anadziwa tanthauzo lake. Koma anthu anali atayamba kusendera kumbali yake, akulozerana pulopela yokongolayo. Anagwira kasingano, natseka. Kulira kunakwera. Anatsekanso, kunakweranso. Anafika paja pamene bambo ake ankati, apa bweza. Sanabweze.

Kandege kanathamanga pabwalo, kanadzuka, kanakwera. Kanakwera kuposa masiku onse, ndipo anthu anaomba m'manja. Kwa kanthawi kochepa mmisiriyo anapeza chimene ankachifuna chaka chonse. Ndi mlamu yekha, akubwera chothamanga kuchokera kuchimkuzamawu, amene anaona kuti kumbuyo kwa kandegeko kulibe utsi.

"Alamu, tsitsani. Injini ikupsa."

Mmisiriyo anamva, koma anakankhiratu kandege m'mwamba. Kulira kunayamba kuuma, kenaka kunadukiza kawiri, kenaka kunangoti zii. Kandege kanatsika kopanda mawu, kanakagwera m'munda wa chinangwa kuseri kwa golo. Mapiko sanathyoke, ngakhale pulopela yobedwayo inali bwinobwino. Koma atayesa kuizunguza ndi chala, siinasunthe. Zitsulo zam'kati zinali zitagwirana, ndipo injini inkanunkha nsatsi zopserera. Munthu amene ankawotcherera zitsulo za anthu ena tsiku ndi tsiku anali atawotcherera injini ya bambo ake.

Mlamu anafika, nayang'ana pulopela yake pa kandege ka mnzake. Sanafunse kuti yafika bwanji pamenepo. Anabwerera kubokosi, natenga kanthu kokulunga m'nsalu kaja, nakapereka ndi manja awiri.

"Iyi ndiye inali yanu, alamu. Ndimati ndikupatseni tisanayambe."

Mmisiriyo anamasula nsaluyo. Inali pulopela yaifupi ya mlombwa, yosemedwa molingana ndi timanambala tija tapachikhatho, yopalidwa masabata atatu. Pakati pake panali dzina lake, lolembedwa ndi msomali wamoto. Anaima m'chinangwamo, dzanja lina pulopela yomuyenera, dzanja lina injini imene siidzazunguzanso kanthu. Analira, ndipo sanasamale kuti anthu akuona.

Inu amene mukundimva, nonse muli ndi kainjini kanu, ndipo kali ndi msinkhu wake. Cha mnzanu chimakoma chifukwa chili pa injini ya mnzanu. Mukachilanda n'kuchimangirira pa yanu, mudzayamba kudzimana mafuta kuti mumveke, ndipo anthu adzaomba m'manja mpaka pamene mudzathere zii. Musaiwalenso kuti mmisiri uja anachigwira ndi dzanja lake chimene chinali chake, n'kuchikankhira pambali chifukwa chinali chachifupi. Choncho mtima ukayamba kukuwawani ndi za m'bale wanu, musathamangire pansi pa bokosi lake. Yambani mwamasula kansalu kamene kali pamwamba.