Nangondo ndi Katundu Wolira

Kale ndithu, panali mayi wina dzina lake Nangondo, amene anatengedwa chitengwa kutsidya la mtsinje. Amuna ake, a Zakeyu, anali mmisiri wokhoma ndowa. Nthawi imeneyo ndowa inali ndowa, osati zapulasitiki zanuzi zosweka ndi dzuwa. Ndowa ya a Zakeyu unkatungira iwe, mwana wako n'kudzatungiranso.

Ali pabanja pomwepo, maso a Nangondo anayamba kuchita nkhungu mpaka anazimiratu. Ana analibe. Koma sanali munthu wogwidwa dzanja ayi, ankayenda ndi makutu. Popita kwawo kukaona abale, bambowo ankatsogola akuimba mluzu, iye pambuyo ndi ndodo, ndipo njira yonse anaisunga. Pamphambano panali nsungwi zolira kwee, kwee kukawomba mphepo. Ukazimva, ukhotere kumanja. Ukatero umva madzi, ndiye kuti wafika pa ulalo wa mitengo iwiri.

A Zakeyu anamwalira mvula yoyamba itangogwa. Atameta maliro, akuchimuna anamusudzula Nangondo mwaulemu kuti abwerere kwawo, ndipo anati za m'nyumba zonse n'zake.

Mlamu wake wamkazi anati, "Alamu, dikirani tibzale kaye, tidzakuperekezani."

"Mtsinje ukadzaza, ulalo umira mpaka masika," anayankha Nangondo. "Munthu wosudzulidwa ndizidya za eni mpaka masika? Ndinyamuka mawa."

"Ndiye tengani kamtolo ka zovala kokha."

"Ndikafike kwathu chimanjamanja? Akazi akwathu adzati ukwati unangomudya maso."

M'mawa anayamba kumanga. Ndowa, beseni, mapoto, sefa, mbaula, zonse zokhoma a Zakeyu. Anaikamo ndi koloboyi yemwe.

Mlamu uja anaseka. "Nanga koloboyiyo, alamu, mukaunikira chiyani?"

"Anakhoma ndi achimwene anu. Nditwikeni."

Anamutwika. Dzanja lina kukatundu, lina kundodo, ulendo unayambika.

Katundu uja ankalira. Phazi lililonse, ngwe, ngwe, ngwe. Poyamba Nangondo zinamukomera, chifukwa zinali ngati pakhomo paja, bambo akukhoma malata pansi pa mtengo wa mango, iye akupeta pakhonde, osaonana koma akudziwa kuti mnzake alipo. Anayenda akumwetulira yekha. Mphambano anaidutsa osaimva.

Anadzazindikira mapazi ataponda matope ndi udzu wakudambo. Njira yakwawo inalibe dambo. Anaima, katundu n'kukhala chete. Kumapiri bingu linagunda, ndipo mphepo inabwera ndi fungo la mvula. Kenako kutali, kumbuyo kwake, anamva kwee, kwee.

Anatembenuka n'kuyamba kubwerera. Ngwe, ngwe, nsungwi zija zasowa. Akaima, akuzimva. Akayenda, zasowa. Ndipo anadziwa kuti ngakhale ataipeza mphambano, pa ulalo pafunika manja onse awiri, ndi makutu omva pamene madzi afika.

Anatula.

Anamasula luzi n'kuyamba kusisita chinthu chimodzichimodzi. Chilichonse anachidziwa. Ndowa iyi anakhoma chaka cha dzombe. Poto uyu ndi uja anawacheka chala, nakhala sabata akudandaula ngati mwana. Anazindanda m'mbali mwa njira, atazivundikira kuti mvula isalowemo.

"A Zakeyu," anatero, "kale munkanditsogolera ndi mluzu, lero mwanditseka makutu. Tsalani pano, atungire ena."

Anatengapo kakapu kamodzi kokha, kamene bambowo anakapinda pang'ono m'mbali kuti chala chake chizipeza pogwira. Anakakulunga m'mpango kuti kasalire, n'kukamangira m'chiuno. Zovala anabereka kumsana ngati mwana.

Pamenepo dziko linabwerera m'makutu mwake. Nsungwi zinamuitana, iye n'kukhota. Madzi anamuitana, ndipo anamva kuti ayamba kale kunyambita mitengo ya ulalo. Anagwada, ndodo patsogolo, dzanja likufufuza mtengo, n'kuwoloka chokwawa. Mvula inamupeza ali kutsidya lakwawo. Pofika madzulo ulalo unali utamira.

Mng'ono wake Velina atamuona akulowa m'mudzi ali chonyowa, anathamanga. "Akulu! Nokhanokha? Nanga katundu ali kuti?"

"Katundu ndi ine ndafikane," anatero Nangondo, akumasula mpango. "Tandithirira madzi m'kapumu."

Akazi ena analankhuladi zimene ankaopa zija. Analankhula, anatopa, anapita kukapalira.

Chilimwe chitafika, madzi ataphwa, akazi a kutsidya ankatsikira kumtsinje womwewo kudzatunga. Nangondo akamachapa tsidya lino, nthawi zina ankamva ndowa ikugunda pamwala. Ankasiya kuchapa n'kutchera khutu.

"Velina, wamva? Imeneyo ndi ya a Zakeyu. Sidontha imeneyo."

Tsono inu adzukulu anga, amene mukamanga zikwama mumachita kukhalira pamwamba kuti zitsekeke, imvani. Chimene chinamusocheretsa mayi uja sichinali chinthu choipa ayi. Zinali zabwino zokhazokha, zokhoma munthu amene ankamukonda, ndipo anazisenza poopa pakamwa pa anthu. Inu maso muli nawo, koma njira za moyo uno tonse timaziyenda chofufuza. Musanasenze, imani kaye mumvetsere ngati katundu wanuyo sakulira kuposa njira. Ngati akulira, tulani. Wokondedwa wako sakhala m'mtolo wonse. Kakapu kamodzi kamakwana kumweramo.